Amene Anakwera Sikuta pa Kapinga

Pamene Sajeni Devaki Pillai ankafika pa mdadada 173 wa nyumba zosanjikizana ku Toa Payoh, anthu anali atamaliza kale kuweruza mlandu. Kwa iye ankangodikirako unyolo.

Munthu wawoyo anali atamuzungulira pansi pa mdadada, pa tebulo la simenti pomwe madoda amasewerapo tchesi. Dzina lake linali Rosli Jumaat, wa pa nsanja yachinayi. Anakhala chowerama, chisoti chili pamaondo, chikwama chake chachikulu choperekera zakudya chili pambali. Sikuta yake, kanjinga kamagetsi kokwera choimirira kaja, anaitsamiza ku chipilala, ndipo wina anali atailavulira kale.

Nkhani yake inali yotere. Mmawa wa tsikulo, itatsala pang'ono kukwana seveni koloko, Mayi Goh Siew Eng, nkhalamba yokhala yokha, anatsika kukaika nsembe ya mizimu pa kapinga wa m'mbali mwa njira ya oyenda pansi, monga ankachitira mwezi ukakhala wathunthu. Anagwada n'kuyatsa lubani. Sikuta inawawomba chakumbuyo n'kuwagwetsera pa simenti ya ngalande. Wokwerayo sanaime. Tsopano mayiwo anali ku chipatala, mutu utang'ambika, osayankhula.

Lamulo loletsa masikuta m'njira za oyenda pansi linali litangotha sabata imodzi. Mumsewu wa galimoto anali oletsedwa kale. Panatsala tinjira ta njinga tokha, toyambira kosadziwika n'kukathera komwe palibe amene akupitako. Sabata yonseyo anthu a m'midadada ankayenda mafoni ali m'manja, kusaka wokwera woti amujambule. Madzulo anthu omwewo ankaitanitsa mpunga wa nkhuku pa mafoni omwewo, n'kumadandaula kuti wafika wozizira. Devaki anakulira mu mdadada wonga uwu ndipo ankawadziwa bwino.

Woyamba kudziponya kutsogolo anali a Chia Boon Huat, bambo opuma pa ntchito, atavala vesiti ndi kabudula, ambulera ili m'manja ngakhale kunalibe mtambo. Anati anaona zonse. Anati anthu a masikuta ndi zigawenga, boma lachedwa nawo, ndipo iwo analembapo makalata asanu ndi awiri za nkhani imeneyi.

Devaki anawafunsa kuti anali pati. Anati anali pa zenera lawo, nsanja ya khumi ndi chimodzi. Anawafunsa kuti zeneralo limayang'ana kuti. A Chia anasisita mutu wa ambulera, kenako anati limayang'ana koimika galimoto, koma zimenezo sizikusintha kanthu, chifukwa iwo anamva.

"Munamva chiyani, ankolo?"

"Nanga sikuta imamveka, mwana wanga? Vuto lake ndi lomwelo. Imangokufika ngati njoka."

"Ndiye simunaone, simunamvenso."

"Mu mdadada muno wa sikuta ndi mmodzi," anatero a Chia, akuloza Rosli ndi ambulera. "Ufuna ndikujambulire chithunzi?"

Anthu anavomereza ndi mitu. Devaki analemba mzere umodzi m'kabuku kake. Mzerewo unali dzina la a Chia ndi nambala ya chitseko chawo basi.

Atatseka kabukuko, kumbuyo kwake kunamveka kachifuwa kaulemu. Anali mwamuna wa zaka ngati makumi anayi, wa magalasi, malaya ositidwa bwino. Anadzitchula kuti Desmond Quek, wa pa nsanja yachisanu ndi chinayi, kalaliki mu ofesi ya maloya m'tauni. Anati lero sanapite ku ntchito chifukwa cha m'mimba, ndipo anangotsika kuti aone ngati angathandizepo. Iye sankaloza munthu chala. Nayenso anali nayo sikuta kale, koma anaipereka kwa msuweni wake tsiku lomwe lamulo linatuluka.

"Anthu sawerenga, Sajeni," anatero motsitsa mawu. "Amangomva za m'maluwa. Lamulo linatchula njira ya oyenda pansi, momveka bwino. Munthu akawerenga chomwe chalembedwa, mawu ndi mawu, sangalakwe."

Devaki anamuthokoza. Anthu oterewa ankamutopetsa kuposa a Chia. A Chia ankafuula n'kutha. Awa ankafuna uwalembe m'kabuku kuti ndi anthu abwino.

Foni yake inalira. Anali Insipekitala wake. Ku polisi anali ataona kale zithunzi za kamera ya m'chikepe. Kuyambira sikisi mpaka seveni koloko, munthu mmodzi yekha ndi amene anatsika ndi sikuta, ndipo anali Rosli. Insipekitala anati abwere naye. Akapanda kunena komwe anali, faifi koloko madzulo apempha kampani yake yoperekera zakudya kuti iwatsegulire maulendo onse a pa foni yake.

*

Anamufunsira m'galimoto, mawindo atatseka. Rosli anali wowonda, wopsa ndi dzuwa, ndipo ankayankhula akuyang'ana kunja. Anati anatuluka hafu pasiti sikisi, ndi zoona. Anapita kukagwira ntchito. Mayi Goh ankawadziwa, ankawanyamulira mpunga chikepe chikafa. Sanawagunde.

Devaki anati ngati zili choncho n'zosavuta, atsegule foni aonetse komwe anali nthawi imeneyo. Rosli anaika foniyo pansi pa ntchafu.

"Achemwali, mukudziwa chomwe chili mmenemu."

Ankadziwadi. Foniyo inkalemba njira iliyonse ndi liwiro lake. Kuchoka ku msika wa zakudya kufika pa zitseko za anthu panalibe kanjira ka njinga. Munthu woperekera zakudya ankayenera kusankha, kukankha sikuta ndi manja ngati ngolo mpaka chakudya chizizire, kapena kukwera pomwe aletsa. Kampani inali italengeza kuti aliyense wopezeka akukwera m'njira ya oyenda pansi amuchotsa tsiku lomwelo. Foni ya Rosli ikanamuchotsa pa mlandu wa Mayi Goh n'kumuchotsanso ntchito. Kunyumba kunali mkazi ndi ana awiri.

"Ukakana, akutsekera chifukwa cha mayi aja."

"Ndikavomera, mawa ana adya chiyani? Makalata a ankolo Chia?"

Devaki anamufunsa ngati amakwera pa kapinga, poti anamva kuti ena ayamba kutero pozemba lamulo. Kwa nthawi yoyamba Rosli anatembenuka, n'kuseka kamodzi m'mphuno.

"Ndi supu kumsana? Pa kapinga pali mabampu, achemwali. Ukafika, supu yense ali m'chikwama, kasitomala akudandaula. Ine ndikalakwa ndimalakwira pa simenti. Pa kapinga amakwerapo amantha."

Anamupereka kwa apolisi awiri kuti apite naye. Galimoto ikuchoka, a Chia anaijambula.

*

Malo a ngoziwo anali kuseri kwa mdadada. Njira ya oyenda pansi inali yotakata, yosalala, yoti anthu atatu n'kuyenda mogundana mapewa. M'mbali mwake munali kapinga wopapatiza, kenako ngalande. Pomwe Mayi Goh anagwera panali popondedwapondedwa ndi a ambulansi ndi anthu odzaonerera, koma Devaki atayenda chobwerera anapeza chomwe ankafuna. Kamzere kowongoka, kopyapyala, kotsatana ndi njirayo pa kapinga, mtunda wa zipilala zisanu ndi chimodzi. Nthawi imeneyo ya mmawa njira imakhala yopanda munthu. Wokwerayo anali ndi simenti yonse yakeyake, koma sanaiponde ndi kamodzi komwe.

Atabwerera pa malo a ngozi anaima. Nsembe zinali pomwepo, zosasokonezeka. Malalanje asanu pa mbale ya pepala, oikidwa mosamala. Timitengo ta lubani titatu, toimirira, totha kupsa. Makandulo awiri ofiira. Kamulu ka phulusa la mapepala a mizimu, koyera, kosapondedwa.

Patali pang'ono panaima wosesa, tsache lili m'manja, akudikira kuti amuitane kapena amuiwale. Dzina lake linali Shahidul, wa ku Bangladesh, ndipo ndi amene anapeza mayiwo n'kuitana ambulansi. Palibe wa mu mdadada amene anali atamufunsa kanthu. Ankayankhula pang'onopang'ono, mawu aliwonse akuyamba wawayesa kaye ngati sangamuvutitse.

Devaki anamufunsa ngati anakonza malowa. Shahidul anabweza phazi.

"Ayi, madamu. Tsiku loyamba kapitawo anandiuza. Masamba sesa, mabotolo tola, koma chakudya cha pa kapinga usakhudze. Ngakhale chiwole. Ukakhudza, anthu adandaula, ukwera ndege kubwerera kwanu."

Anamufunsa mmene panalili pamene ankawapeza mayiwo. Anati panali poipa. Timakeke tawo tinali titaphwanyika, kakapu ka tiyi katasweka, timitengo ta lubani titagona m'matope, tayala litadutsa pakati penipeni. Anazisiya choncho. Anapita kukasesa mdadada wina.

"Nanga malalanjewa?"

"Mayi aja analibe malalanje, madamu. Ndabwerera teni koloko, ndapeza zoswekazo palibe. Pali izi. Lubani akufuka."

Devaki anaimbira ku chipatala. Mwana wamkazi wa Mayi Goh anati anachokera kwawo ku Jurong kulunjika ku chipatala ndipo sanachokepo pambali pa bedi. Wachibale wina kunalibe. Za aneba Devaki sanavutike n'kufunsa. Anthu awa akaona nsembe ya mnzawo amailambalala patali, n'kukoka mwana pa mkono. Nsembe ya mwini suikhudza, suikonza, suiwonjezera. Amene amabwerera kudzagwada pa nsembe yosweka ndi amene waiswa.

Ndipo Rosli Jumaat, amene Lachisanu lililonse ankatseka foni kupita ku mzikiti, sakanadziwa n'komwe kuti lubani amaika timitengo tingati.

*

Sitolo ya zofukiza inali pansi pa mdadada woyandikana nawo, pakati pa wometa ndi wogulitsa mankhwala a zitsamba. Mwini wake, Anti Bee Lian, anali mayi wamfupi wa mawu akuluakulu, atakhala pa kampando akupinda mapepala agolide owotchera mizimu. Ataona yunifomu sanaimirire. Anati ngati abwera za utsi, akauze odandaulawo kuti makolo awo nawonso adzafuna kudya.

Devaki anati sanabwere za utsi. Anafuna kudziwa amene anagula lubani, makandulo ndi mapepala mmawa uno. Anti Bee Lian anaseka, nati lero mwezi ndi wathunthu, theka la Toa Payoh lagula. Devaki anati akufuna amene anagula koma sakudziwa kagwiritsidwe kake.

Manja a mayiwo anasiya kupinda.

Anati kunabwera mmodzi, iye akungotsegula chitseko cha sitolo, itangodutsa naini. Thukuta lili kamukamu. Anafunsa kuti munthu akaponda nsembe mwangozi amatani. Anati si iye, ndi mnzake wa ku ofesi.

"Ndinamuuza kuti, kamuuze mnzakoyo agule malalanje asanu pa msika, abwerere pomwe anapondapo, achotse zoswekazo ndi manja ake, agwade, apepese katatu. Akachedwa, eni chakudya amutsata mpaka pa bedi. Ndiye mnzake wa ku ofesiyo nkhope inayera ngati ufa, pamaso panga pomwe."

"Mukumudziwa, anti?"

"Ine ndimagulitsa mapepala, sindigulitsa anthu."

Devaki sanakakamize. Anangonena kuti pali mwamuna wa ana awiri amene wakhala pa benchi ya polisi kuyambira masana, ndipo Mayi Goh, amene mwina ankagula lubani wawo pompano, sanatsegulebe maso. Anti Bee Lian anayang'ana pepala lomwe linali m'manja mwake nthawi yaitali.

"Siew Eng wagula kwa ine zaka makumi atatu," anatero. "Uyo wa mmawa uja wadutsa pakhomo pano zaka makumi awiri atatseka mphuno ndi kampango, ati utsi wathu ndi wa anthu osaphunzira. Mayi ake atamwalira sanawawotchere ndi pepala limodzi lomwe. Lero ndiye wadziwa njira ya ku sitolo kwanga, ndi chikwama chake chachitali kumsana ngati akupita ku gofu. Mwana wa malemu a Quek."

Devaki akutuluka m'sitolomo, foni inaliranso. Mayi Goh anali atamwalira fili koloko. Insipekitala anati tsopano ndi mlandu wa imfa, ndipo sadikiranso nthawi yaitali. Devaki anapempha kuti ayang'anenso zithunzi za m'chikepe, koma ulendo uno asafune sikuta. Afune chikwama chachitali. Anadikira ali chiimire pa dzuwa. Yankho linabwera posachedwa. Mwamuna wa magalasi anatsika nacho itatsala mphindi makumi awiri kukwana seveni. Anakwera nacho itangodutsa teni.

*

Pakhomo pa Desmond Quek nsapato zinali zitandandalikidwa panja monga pa khomo lililonse, zazikulu kumanja, za ana kumanzere. Devaki anawerama n'kutembenuza nsapato yakuda ya ku ofesi. Pamwamba inali yopukutidwa mpaka kuwala. Kunsi, m'mphako ya chidendene, munali timasamba ta kapinga ndi phulusa.

Quek anatsegula yekha. Ataona nsapato m'manja mwa wapolisi, anakonza magalasi ake n'kufunsa ngati ali ndi chikalata cholowera m'nyumba. Devaki anati alibe, ndipo akhoza kukachitenga, koma ndiye abwera ndi galimoto ziwiri ndipo a Chia adzakhala pansipo ndi foni yawo. Quek anayang'ana kumanja ndi kumanzere kwa khonde. Anamulowetsa.

Chikwama chinali kuseri kwa makina ochapira. Mkati munali sikuta yaing'ono yopinda pakati, ya matayala opyapyala. Tayala lakutsogolo linali litatsukidwa. Lakumbuyo anaiwala.

Sanakane. Anakhala pa mpando, manja pamaondo, n'kuyamba kufotokoza ngati akuphunzitsa mwana wa sukulu. Kuchoka pa mdadada kufika ku siteshoni ya sitima ndi mtunda, ndipo munthu wa mu ofesi sangafike ali thukuta. Lamulo litatuluka analiwerenga lonse. Linatchula njira ya oyenda pansi. Choncho iye sanakwereponso pa njirayo, ndi tsiku limodzi lomwe. Chikwamacho chinali chongopewa maso a anthu osamvetsa.

"Kapinganso ndi woletsedwa, a Quek. Lamulo lake ndi lina, koma lilipo."

"Zimenezo sanazilembe pamalo amodzi. Si kulakwa kwanga ngati boma silitha kulemba."

Devaki anamufunsa chifukwa chomwe sanaimire. Quek anati kunali kusanayere bwino, mayiwo anali atagwada, atavala zakuda, ndipo kunena zoona pa kapinga si malo ogwadapo munthu. Anacheuka, anaona kuti akupuma. Anadziwa kuti wina awapeza, mdadada uno uli ndi anthu ambiri. Akanaima, dzina lake likanalowa m'mabuku, ndipo ofesi ya maloya sisunga kalaliki wa mlandu.

Anafika ku siteshoni. Sitima inabwera, sanakwere. Inabwera ina, sanakwerenso. Anakhala pa benchi maola awiri.

"Munkaganiza za Mayi Goh."

Quek anamuyang'ana ngati sanamve bwino funsolo.

"Tayala linadutsa pa lubani, Sajeni. Ali woyaka. Inu simungamvetse, si mwambo wanu. Ine sindikhulupirira zimenezi, koma ndili ndi ana m'nyumba muno."

"Rosli nayenso ali nawo awiri. Munaima pambali pake masana aja."

"Ine sindinatchule dzina la munthu," anatero Quek msangamsanga. "Mukaone m'kabuku kanu."

Devaki sanaone m'kabuku. Anatulutsa foni n'kuimbira Insipekitala ali pomwepo, maso ali pa Quek. Nthawi inali itangodutsa folo. Anati kalata ya ku kampani ija asaitumize, palibenso chifukwa chotsegulira foni ya munthu. Rosli amumasule, amubwezere chisoti ndi chikwama chake. Insipekitala anafunsa ngati Rosliyo ananena komwe anali mmawa. Devaki anati anali ku ntchito, ndipo pa mlandu uwu zimenezo n'zokwanira.

Quek anapempha kusintha malaya. Anapemphanso kuti unyolo aumange kutsogolo kuti aphimbepo jekete. Devaki anamulola zonse ziwiri, chifukwa sizinamuvute kanthu. Chikwama chachitali anachinyamula yekha wapolisiyo.

M'chikepe anali awiri okha. Manambala ankatsika. Kuyambira pamene anatsegula chitseko, Quek anali atafunsa za chikalata, za loya, za malaya ndi za jekete. Devaki ankadikira funso limodzi, ndipo pa nsanja yachisanu mwamunayo anakonza kukhosi.

"Sajeni, mayi a m'sitolo aja anati katatu. Ine ndinapepesa kasanu, kuti pasakhale chokaikitsa. Mukuona ngati mizimu yalandira?"

Devaki anayang'ana chitseko cha chikepe.

"Ya pa kapingayo sindikudziwa," anatero. "Koma kwafika wina watsopano fili koloko. Ameneyo amakudziwani nkhope, ndi nsanja yomwe mumagona."